Galimoto Imene Inatseka Njira ya Njinga ku Govanhill

Mpaka lero ndikamadutsa ku Govanhill, kuno mu mzinda wa Glasgow, ndimayenda chowerama. Akazi anga amati anthu anaiwala kalekale, koma iwo kunalibe tsiku limenelo.

Nkhani yake inayamba chonchi. Kunamveka zoti akuluakulu a boma akufuna lamulo loti khonsolo ya mzinda isamaike njira za njinga m'misewu popanda iwo kuvomereza, ndipo zina zimene zilipo kale zikhoza kufufutidwa. Ine nkhaniyi sinandisowetse tulo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Shawlands, ndimayenda pa galimoto, ndipo njinga ndinaisiya ku Dedza kalekale. Koma mwana wanga Tadala, wobadwira konkuno, amapalasa njinga tsiku lililonse popita ku koleji. Chaka chatha galimoto inamukankha pamalo pamene njira ya njinga imathera, iye nkubwera kunyumba chigongono chili magazi okhaokha. Ndiye atamva za lamuloli, iye ndi anzake anakonza zionetsero.

"Mubwera?" anandifunsa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chija (chimene ine bambo ake ndimamva theka, theka linalo ndimangogwedeza mutu).

"Ndibwera, ndipo ndibweretsa mandasi," ndinatero.

"Pa basi, adadi. Chonde, mubwere pa basi."

Loweruka kunacha ndi kamvula kosalekeza ka kuno. Ndinayang'ana beseni la mandasi, ndinayang'ana kumwamba, kenako ndinatenga makiyi a galimoto.

Ku Govanhill malo oimika galimoto ndi osowa. Ndinazungulira mpaka mutu kuwawa. Kenako, m'mbali mwa msewu wina, ndinaona malo aakulu opanda galimoto ngakhale imodzi. Munthu wanzeru akanadzifunsa chifukwa chake. Ine ndinangothokoza Mulungu. (Ndisaname, chithunzi cha njinga pansipo ndinachiona, koma masamba onyowa anali atakwirira tayala limodzi, ndiye ndinadziuza kuti ndi chakale.) Mandasi ndinawasiya m'buti kuti ndidzawatenge pomaliza, nkuyenda wapansi kupita pa geti la paki pamene anthu anasonkhana.

Anthu analipo ndithu: ophunzira, anyamata operekera zakudya pa njinga, azimayi a ku Pollokshields ndi ana awo, ngakhale agogo a zipewa zolimba. Tadala anali kutsogolo ndi chimkuzamawu. Ine anandipatsa chikwangwani nkundiika kumbuyo, m'gulu la oyenda pansi. Kumeneko ndinapezana ndi Mayi Nyirenda a kutchalitchi kwathu, amene mdzukulu wawo amapalasanso njinga.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Tadala? Inunso mwayamba ndale?"

"Tikuthandiza ana, mayi."

Tinanyamuka. Tinakhota apa, tinakhota apo, ine osalabadira kumene tikulowera chifukwa nyimbo zinali zitandilowa. Mwadzidzidzi gulu lonse linaima. Kutsogolo kunamveka mabelu a njinga ndi kukuwiza. Uthenga unafika kumbuyo kwathu kuti munthu wina waimika galimoto pakati penipeni pa njira ya njinga.

Apa ndi pamene ndinadzionetsa.

"Anthu ngati amenewa ndi amene akutivulazira ana!" ndinakuwa m'Chingerezi, kenako ndinabwereza m'Chichewa kuti Mayi Nyirenda asaphonye. Mkulu wina wandevu, nzika ya konkuno, anandisisita paphewa kuti ndalankhula zoona. Zinandikoma. Ndinaonjezera kuti munthu wotero amulande laisensi, galimoto yakeyo akaiphwanye. Mtsikana wina anandilozetsa foni nkupempha kuti ndinenenso. Ndinakonza kolala, ndinanenanso, mokweza kuposa poyamba.

"Tiyeni tikaione galimotoyo," anatero wandevu uja, ndipo anthu anatipatukira ngati alendo olemekezeka.

Choyamba kuona chinali denga lofiira. Ndinati galimoto zofiira ndi zambiri. Kenako ndinaona galasi lam'mbali lomangidwa ndi tepi yakuda. Titafika pafupi ndinaona kambendera ka Malawi kakulendewera kutsogolo, kali phee ngati mboni.

Ndinaganiza zongokhala chete. Anthu akanatha kuilambalala, ine nkudzaitenga madzulo. Ndinabisa nkhope kuseri kwa chikwangwani. Koma Mayi Nyirenda anali atanditsatira, ndipo mayi amenewa sadziwa kunong'ona.

"Bambo a Tadala, kodi si galimoto imene munandinyamulira Lamulungu ija? Onani, ambulera yanga ndi iyo pampando! Ndakhala ndikuifuna sabata yonse."

Mwayi wake analankhula m'Chichewa. Ndinawatsinzinira diso. Iwo anayesa kuti sindinamve, nkuyamba kugogoda pa windo akuloza ambulera.

Pamenepo ndinakweza maso nkukumana ndi maso a Tadala. Iye galimotoyo anali ataizindikira kale, anangoima mvula ikumutsika kumaso. Mwana ameneyu ukamulankhula m'Chichewa amayankha m'Chingerezi kuyambira ali ku nazale. Koma tsiku limenelo, pofuna kundibisira manyazi, anasonkhanitsa Chichewa chonse chimene ali nacho. Vuto lake anaiwala kutsitsa chimkuzamawu.

"Adadi! Chotsani galimoto yanu. Panopa!"

Mawu enawo anthu sanamve, koma "adadi" safuna womasulira. Msewu wonse unatembenukira kumene iye ankayang'ana. Wandevu uja anachotsa dzanja paphewa langa pang'onopang'ono. Mtsikana wa foni anali akujambulabe.

Ndinapatsira Mayi Nyirenda chikwangwani, nkutulutsa makiyi. Galimoto inalira kawiri, nyali nkuphethira, ndipo anthu anaphulika nako kuseka. Nditalowa, inandizimira kawiri. Mnyamata wina wa chikwama cha zakudya kumsana anachita kunditsogolera pobwerera m'mbuyo, ena onse akuimba mabelu ngati ukwati. Mayi Nyirenda anandiimitsanso pakati pa zonsezi kuti atenge ambulera yawo.

Sindinabwererenso ku zionetserozo. Ndinakaima kuseri kwa sitolo ina nkudya mandasi anayi ndekha, galimoto itazima.

Tadala anakhala masiku angapo osandilankhula, m'chilankhulo chilichonse. Kenako tsiku lina madzulo anandiikira foni patebulo. Kanema uja anali atafalikira. Anzake ankamugwiritsa ntchito posonyeza kuti penti yokha siteteza munthu, njira za njinga zimafunika kakhoma kotchinga, pakuti ngakhale bambo wobwera kudzazitchinjiriza amaimikamo galimoto.

"Mwatithandiza kuposa zikwangwani zonse," anatero, akulimbana ndi kuseka.

"Ndiye undithokoze."

"Ayi."

Za lamulo lija akukanganabe, ndipo ine ndili mbali ya ana. Galimoto ndimayendetsabe, mvula ya kuno sindingaithe. Chimene ndinasiya ndi kugamula mlandu ndili kumbuyo kwa gulu. Masiku ano ndikamva anthu akukuwiza, ndimayamba ndafunsa kuti galimotoyo ndi ya mtundu wanji.