Dzanja Lomwe Linagwira Paipi pa Chitunda cha Golomoti

"Ababa, dzanja lanuli linatani?"

Anandifunsa choncho mwana wanga Tiyamike ali ndi zaka zinayi, akusisita chikhatho changa chakumanja chomwe chinakwinyika ngati chikopa chowumira padzuwa. Ndinamuuza zomwe ndimauza aliyense wobwera pagalaja panga pano pa Golomoti. Inu amene mwayamba kale kutsinzinirana, khalani pansi. Wokayika abwere akhudze yekha, aone ngati bodza limasiya chipsera.

Nthawi imeneyo, Tiyamike asanabadwe, ndinali makaniko wa malume anga a Zuze, amene anali ndi pikapu ya dizilo, ya tabo yowonjezera mphamvu ya injini, yonyamula usipa kuchokera ku Mtakataka kukwera nawo ku Dedza. Galimotoyo inali yamphamvu, koma ikafika pa chitunda chokhotakhota chija m'nyengo yotentha, tabo inkaphika oyilo mpaka kusanduka ngati tiyi wopanda masamba, ndipo tinkaima kanayi tisanafike pamwamba. Usipa ukhoza kudikira. Koma mkazi wanga Esinati anali woyembekezera, ndipo anamwino anali atatiuza kuti mwana wagona mopingasa, tidzapite naye ku boma kumene kuli madokotala a opareshoni.

Ine kusukulu yamadzulo sindinkapitira kukagona. Ndinadziwa chofunika: kabokosi koziziritsa oyilo, kachitsulo kokhala ngati chisa cha njuchi. Ndinakagula kwa ogulitsa zida zakale ku Lilongwe, ndinakamangirira kutsogolo kwa ladiyeta komwe mphepo imamenya, ndinaika mbale yake pansi pa fyuluta, n'kulumikiza mapaipi awiri, ina yotengera oyilo wotentha, ina yobwezera wozizira. Ntchito yokongola, amisiri anzanga anachita kuvula zipewa. Chinasowa n'chimodzi, makilampu ofinyira paipi. Ndinayenda magolosale onse mpaka ku Mua, osapeza a saizi yake. Koma ife kuno chilichonse timamanga ndi malegeni, mphira zija zodula ku chubu cha njinga: mtolo wa nkhuni, dengu la tomato, mbuzi pakaliyala, mpini wosweka. Ndinakulunga legeni kamakumi anayi, ndikukoka ndi mano.

"Mphwanga, zigwira zimenezi?" anafunsa malume.

"Malume, pamenepa mungamangirepo njovu."

Tinaliza injini itaima pamthunzi. Sipanadonthe ngakhale dontho.

Tinapangana kuti Esinati akwera sabata yotsatira kukadikirira kuchipatala. Mwana sanamve nawo panganolo. Matenda anayamba Lachitatu masana, mu Okutobala, ambulansi itapita kale ndi wodwala wina. Tinayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, Esinati anagona, apongozi anga anakhala pambali pake atam'phimba ndi chitenje, malume pachiwongolero, ine pambali pawo maso ali pa geji yoonetsa kutentha kwa injini.

Tsiku limenelo dzuwa silinali kumwamba, linali litatsika n'kukhala pamsewu. Mukumva? Phula linkamata matayala ngati ulimbo, njiwa zinkagwa m'mitengo zitapsa kale, anyani a m'phirimo anali atagona chagada m'mbali mwa msewu malilime ali kunja osatha ngakhale kutithawa, ndipo mwala wina waukulu ngati nyumba unang'ambika pakati ife tikuona, n'kutuluka utsi. Malume anaponda, tabo inalira likhweru lomwe anthu a ku Mozambiki analimva n'kutsekera ana m'nyumba, tinadutsa kona yoyamba, tinadutsa yachiwiri, geji ili phee pakati ngati yojambula, ine n'kumati mumtima, sukulu yamadzulo iyi.

Pa kona yachitatu ndinamva kuti phu! Legeni inali itafewa ndi oyilo wotentha, paipi inavuka, ndipo oyilo anathovoka wakuda mpaka kupitirira mitengo ya mibawa, n'kugwa ngati mvula ya maliro.

Kodi ndinauza malume kuti aime? Ayi! Ndinatulukira pawindo galimoto ikuthamanga, ndinakwawa paboneti yomwe inali yofiira ngati chiwaya, ndinatsikira pabampala, miyendo ili lende pamwamba pa phompho loti mwala ukagweramo Lolemba umakafika pansi Lachisanu, ndinalowetsa dzanja ili, ndinagwira paipi, ndinaibweza pamalo pake, n'kufinya. Ine ndinasanduka kilampu. Mukumva? Oyilo wowira ankadutsa m'chikhatho changa, mnofu ukulira ngati nyama pamakala, fungo lake linaitana makhwangwala a m'boma lonse amene anatitsata ngati mtambo mpaka kuchita mthunzi, agalu a m'midzi anatithamangira makilomita asanu malovu akutayika, chala ichi chinapsa mpaka ndinaona fupa langa loyera likundiyang'ana, koma sindinasiye. Thukuta langa linkagwera pa kabokosi kaja n'kumakaziziritsa, moti geji inatsika kuposa mmene inalili m'mawa. Oyilo atachepa, injini inayamba kumwa mafuta a m'dzanja langa, ndipo inakoka bwino kuposa tsiku lomwe inatuluka kufakitale.

Malume ankakuwa, "Mphwanga, ufa!" Ine ndinkayankha, "Pondani, malume!" Tinadutsa malole atatu, tinadutsa mphepo, tinasiya chithunzithunzi cha galimoto yathu m'munsi chikupuma wefuwefu moti chinatipeza m'mawa mwake. Titafika pageti la chipatala, anafunika amuna anayi ndi chitsulo chochotsera tayala kuti alekanitse zala zanga ndi paipi. Ndikulumbira, pali malume anga.

Nkhaniyi ndimaithera pamenepo, pageti. Anthu amaseka, ena amapukusa mitu, ena amandigulira tiyi. Palibe amafunsa zomwe zinachitika kuseri kwa geti, chifukwa onse a pano amadziwa kuti Tiyamike ndimalera ndekha. Amaonanso chitini cha makilampu chomwe chili pashelefupo, a saizi iliyonse, omwe ndimapatsa ulere dalaivala aliyense wokwera chitunda.

Tiyamike tsopano ali sitandade 2. Amawerenga bwino, amati adzakhala namwino, ndipo ine ndikukhulupirira kuti adzakhaladi. Mwezi watha anabwera kuchokera kwa agogo ake, anakhala patayala lakale pafupi nane ine ndikutsuka zitsulo.

"Ababa, agogo akuti ine sindinabadwire ku boma. Akuti ndinabadwira panjira." Anatenga dzanja langa, mafuta ali thoo, n'kulitembenuza. "Ndiye dzanjali linatani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe woti aseke.

"Agogo ako akunena zoona, mwanangu," ndinatero. "Pageti paja sitinafike. Paipi itavuka, malume anaima. Ndinathamanga n'kuigwira ndi dzanja, ndinawauza kuti alize injini, koma oyilo ankangodutsa m'zala zanga mpaka anathera pansi, injini n'kuuma. Tinakhala pa kona ija maola awiri osadutsa galimoto. Iwe unabadwira pamenepo, miyendo patsogolo. Amayi ako anataya magazi ambiri. Lole itabwera, anali atatisiya. Paipi ija ndinaimanga ndine, ndi legeni, ndipo kusukulu anali atatiphunzitsa kuti mphira ya chubu sipirira oyilo wotentha. Ndinkadziwa. Ndinangoti zigwira."

Sanalire. Anangofinya chikhatho changa.

"Chinkawawa?"

"Kwambiri. Koma agogo ako, amene chikwatire ine anali asanandiyang'anepo kumaso, anandiitana kuti, 'Bambo, landirani mwana, ine ndithandize mnzanuyu.' Ndinalibe nsalu, ndinalibe madzi osamba. Ndinakulandira ndi dzanja lomweli, likadali lotentha, ndipo unalira mokweza moti ndinaiwala kuti lapsa. Dzanjali linalephera kugwira oyilo, Tiya. Iwe silinakugwetse."