Kamera Yanga ndi Foni ya a Nambewe

Lolemba

Nkhani yabwino. Che Saidi, eni nyumba imene tikuchita lendi ino, andipeza pakhonde ndikuchonga makope a Fomu 3. Mwana wawo Halima akukwatiwa Loweruka, ndipo akufuna zithunzi ndijambule ine. Akuti, "Ojambula a pamsika aja amadula anthu mitu. Inu aphunzitsi muli ndi kamera yeniyeni."

Kamera yeniyeni. Ndalemba kawiri dala.

Ndaitulutsa m'bokosi la nsapato. Ndi kakang'ono, kakuda, kamakwana m'thumba la malaya. Ndinaigula ku Limbe ndi malipiro anga oyamba nditachoka ku koleji. Pamwamba pake pali kagudumu. Ukakalozetsa pa chizindikiro chobiriwira, kamera imaganiza yokha. Pamenepo ndi pa anthu wamba. Ukakalozetsa pa M, woganiza ndiwe: diso litseguke motani, liphethire mwachangu bwanji. Ine ndimakhala pa M. Chiigulireni sindinachokepo.

Ubwino wake:
- zumu. Nditaima pagombe ndimajambula msodzi ali m'bwato mpaka ndudu ili kukhutu kuoneka
- fulashi yeniyeni, osati katochi
- palibe apongozi amene angaiyimbire ntchito ili mkati

Pochoka Che Saidi awonjezera kankhani. Akazi awo, Abiti Yusufu, apemphanso akazi anga a Nambewe kuti azidzathandizira ndi foni yawo ija. Foni ija! Ya maso atatu kumbuyo, imene mng'ono wawo anatumiza kuchokera ku Joni mwezi watha. A Nambewe sanaphunzirepo kujambula. Amangoloza n'kudina ngati akupha nsikidzi.

Sikuti zikundikhudza.

Lachiwiri

Munthu wodziwa ntchito amayamba ndi pepala. Zithunzi zofunika:
1. mkwatibwi akutsika m'galimoto
2. mkwatibwi akulowa, bambo ake atamugwira pamkono
3. awiriwo ataima kutsogolo
4. mphete ikulowa (zumu!)
5. kuvundukula velo
6. misozi ya amayi ake
7. awiriwo akutuluka, anthu akuwaza maluwa
8. mkwati ndi anzake
9. chakudya

Vuto ndi dzuwa. Kuno mwezi uno limawala ngati lili ndi mlandu ndi munthu, ndipo amuna onse adzavala mikanjo yoyera. Ukatsegula diso kuti nkhope ioneke, mkanjo umapsa. Ukalitsinzinitsa kuti mkanjo uoneke, nkhope imasanduka makala. Apa ndi pamene pamafunika mutu, osati foni.

Ndayanika nsalu yoyera ya pabedi pachingwe, ndaimika a Nambewe patsogolo pake kuti ndiyesere. Ndikupotoza, ndikudina, ndikupotozanso. Akuti ndiwo zikupserera. Ndikuti luso silithamanga.

Ndawerama choncho pa kagudumu, iwo atulutsa foni m'chitenje, kadi! Andijambula.

Ndachiona. Ndaoneka ngati mphunzitsi wa ku yunivesite amene ali ndi galimoto. Mtengo wa mango wa kumbuyo kwanga wasungunuka bwinobwino, kungotsala ine. Kamera yanga siitha zimenezo. Imaonetsa chilichonse mwachilungamo. Pa chithunzi changa pali a Nambewe, nsalu, nkhuku, ndi chimbudzi cha aneba, chitseko chili chotsegula.

Ndawauza kuti foni yawoyo imanama. Akuti, "Ndichifufute?" Ndati chisiyeni kaye, ndikufuna ndichiphunzire zolakwika zake.

Lachitatu

Magetsi azima m'mawa. Mabatire a kamera, amene amafuna usiku wonse kuti akhute, adya theka la ola lokha. Foni ya a Nambewe ili ndi kabokosi kake kosungira moto. Nakonso n'kochokera ku Joni. Ku Joni kulibe ntchito ina koma kundiyamba ine.

Ndagula mabatire anayi pamsika. Wogulitsa walumbira kuti amayendetsa wayilesi mwezi wathunthu. Awiri oyamba andipatsa zithunzi khumi ndi chimodzi, kenako kamera yatseka diso ndili pakati pojambula mbuzi. Awiri otsalawo ndawasunga ngati mankhwala a njoka.

Kusukulu, nthawi ya tiyi, chithunzi changa chija chikuyenda m'manja. A Nambewe anachitumiza pa gulu la amayi la pafoni, ndipo akazi a aphunzitsi anzanga ali momwemo. A Gondwe a Jogalafe akuti, "Akulu, simunatiuze kuti mumakhala ndi katswiri m'nyumba." A hedi afunsa ngati madamu angadzapezeke tsiku lopereka mphoto. Tsiku lopereka mphoto ndajambula ine zaka zitatu. Zoona, chaka chatha zithunzi zinatuluka ana atatsekera kale, chifukwa khadi ya m'kamera imafuna laputopu ndipo laputopu inali ndi matenda ake. Koma zinatuluka.

Madzulo ndayesa kuwaphunzitsa a Nambewe za kuwala, mwaulere. Amvetsera akusenda anyezi. Akuti, "Bambo, inu pomaliza kupotoza kagudumuko, mwana amene mumafuna kumujambula amakhala atalowa Sitandade 1."

Ndaseka. Munthu wophunzira amaseka.

Lachinayi

Ndapita ndi pepala langa kwa Che Saidi kuti aone kuti alemba munthu wadongosolo. Avala magalasi. Awerenga nambala 1. Awerenga nambala 2. Pa nambala 5 avula magalasi kuti apukute misozi.

Andifotokozera mwaulemu, ngati mmene ine ndimafotokozera Fomu 1. Pabanja pawo mkwatibwi sapita kukaima kutsogolo mumzikiti. Amafunsidwa kunyumba, mboni zili pomwepo, ndipo kumzikitiko womuyankhulira ndi iwowo bambo ake. Iwo ndi mkwati, Rashidi, adzagwirana chanza pamaso pa a shehe, ukwati watha. Halima adzakhala kunyumba ndi amayi, kuseri kwa mpanda wa bango. Mwamuna wolowako ndi mkwati yekha ndi omuperekeza a pachibale.

Ndafunsa kuti nanga wojambula? Akuti, "N'chifukwa chake tinapempha amayi akunyumba kwanu aja."

Ndiye kuti ine ndinakonza ukwati wa kwathu ku Ntcheu, wa ku tchalitchi, n'kungouveka kofia. Zaka zitatu ndili ku Mangochi. Mpunga wa pa Idi ndadya m'nyumba zosawerengeka. Sindinafunsepo kuti amayi amakhala kuti pamene ine ndikudya.

Ndakhwatcha 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7. Zatsala: mkwati ndi anzake. Chakudya.

A Nambewe ankadziwa. Pepala analiona Lachiwiri. Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti, "Munalemba ndi inki yofiira. Ndimaopa kuchonga aphunzitsi."

Wothandizira ndine. Ine ndi kamera yanga yeniyeni tikukathandizira foni.

Lachisanu

Lero amayi akumukonza Halima, kumupaka hina, utoto wojambulira maluwa, m'manja ndi m'mapazi. A Nambewe adzuka m'mamawa, asita diresi, akhutitsa foni.

Pakhomo aima. Akuti, "Bambo, ndipatseni kamerayo ndikamujambule Halima ndi yanuyo, kuti naye akhalemo m'zithunzi zanu. Ingoiikani pobiriwira paja."

Pobiriwira.

Ndayankha kuti kamera imeneyi siinakhalepo pobiriwira ndipo siiyamba lero. Ndati ndikhoza kuwalembera manambala pakapepala: m'nyumba otere, panja otere, pamthunzi otere. Ayang'ana kapepalako, andiyang'ana ine, anyamuka.

Tsiku lonse m'kalasi mtima uli kuseri kwa mpanda. Ndaphunzitsa ndakatulo yomwe ndinaphunzitsa kale Lolemba. Ana sanandiuze. Nawonso amaopa inki yofiira.

Ndaweruka, nyimbo zikumveka mpaka pakhonde pathu. Nthungululu. Kuseka. Ndikuzindikira kuseka kwa a Nambewe pakati pa amayi onsewo. Pa zithunzi zanga saseka choncho. Amaima ngati a pachiphaso.

Abwera dzuwa likulowa, manja ali ndi maluwa ofiirira mpaka m'zigongono. Akhala pafupi nane, akuseretsa chala pagalasi. Halima m'kachipinda ka zenera limodzi. Mizere ya hina ikuoneka umodziumodzi. Ndolo zikunyezimira. Kamera yanga m'chipinda chotero imatulutsa chithunzi chokhala ngati wachiwaza gaga, ndipo ukayatsa fulashi anthu amaoneka ngati agwidwa akuba.

Ndati n'zowala mopitirira. Ndati mutu wa azakhali ake wadukako pang'ono pakona. Avomera.

Ndaonanso zonse kachiwiri iwo akusamba.

Loweruka

M'mawa. Mabatire okhuta theka ali mkati, a pamsika awiri ali m'thumba. Tayi.

Kumzikiti. Nsapato pakhomo. Sokosi yakumanja ili ndi zenera, chala chachikulu chikuonerera mwambo. Andiloleza kukhala kumbuyo, pakona. A shehe apempha kuti fulashi ayi. Chabwino, apa ndiye pa M! Ndatsegula diso lonse, ndaliuza kuti liziphethira pang'onopang'ono kuti kuwala kulowe.

Sindinadziwe kuti kamera yanga ili ndi phokoso chonchi. Muli zii, ine ndakhudza zumu: nzwiiii. Mizere itatu ya madoda yatembenuka. Ndabweza: nzwiiii. Yatembenukanso.

Nthawi ija yafika. Che Saidi atambasula dzanja, Rashidi watambasula lake. Ndadina. Kamera ikuganiza. Ikufunafuna. Yaphethira manja atasiyana kale. Ndili ndi chithunzi cha Che Saidi akukanda chigongono.

Panja. Mkwati akutuluka, anzake akumukumbatira, ine ndikuthamanga chammbuyo nsapato imodzi ili m'manja, ndikudina, ndikudina. Ndayang'ana pagalasi. Mbee. Pepala loyera. Ndaiwala kuti diso ndinalisiya lotsegula la mumdima. Mikanjo, khoma, dzuwa, mkwati, zonse zalowa kumwamba limodzi. Pobiriwira paja ikanadzikonza yokha. Sindikufuna kuganiza za pobiriwira.

Masana, pabwalo la kwa Che Saidi. Amuna ayamba sikiri, gule wawo wa mizere, mapewa akugwedezeka, mpweya ukutuluka m'chifuwa ngati mvukuto. Apa ndalilamula diso kuti liziphethira ngati mphezi. Apa ndiye ayi, ndagwira ntchito. Mkulu wina ali m'malere, mapazi onse awiri, fumbi laima pansi pake, mkanjo uli ndi makwinya ake onse, nkhope ikuoneka. Foni ichite zimenezi tione!

Palibe woti ndimuonetse. Amayi onse ali kuseri.

Kenako nthungululu. Rashidi akulowetsedwa kwa mkwatibwi. Chitseko cha mpanda chatseguka, chamumeza. Ine ndatsala pansi pa mango ndi mbale ya mpunga. Zumu ndili nayo, mpanda uli ndi mipata, koma ndinaleredwa.

Mabatire oyamba afa. Ndaika a pamsika.

Ndikutseka kachitseko ka mabatire, ndaona a Nambewe akutuluka pampanda chammbuyo. Anthu awachulukira, akufuna onse akwane. Afika panja penipeni, pamthunzi, foni ili m'mwamba, manja a hina aja, mpango watsetsereka, akuseka ndi munthu wina wa mkati. Ali kutali, ngati kuchokera pa ofesi ya a hedi kukafika pa belu. Nzwiiii. Ndapotoza kamodzi. Ndadina.

Kamera yatseka diso. Mwezi wathunthu wa wayilesi wathera pomwepo.

Lamulungu

Tabwerako ku tchalitchi, magetsi alipo, laputopu yavomera khadi.

Zokolola:
- mapepala oyera, khumi ndi anayi
- madoda otembenuka, ambiri
- chigongono, chimodzi
- mapoto a mpunga, akuthwa bwino
- sikiri, zisanu ndi chimodzi zoti munthu n'kupachika

Che Saidi abwera kudzaona. Pa mkulu wa m'malere uja aseka mpaka kutsokomola, akuti ndi mlamu wawo wa ku Katuli amene amadandaula nyamakazi. Andithokoza ndi manja awiri. Kenako afunsa, mwaulemu womwe uja, ngati pali china chimene pali Halima.

Palibe. Ukwati wa Halima, zithunzi zoposa zana, Halima mulibe. Lachisanu a Nambewe anandipempha kamera pakhomo pompa.

Che Saidi akuti palibe kanthu, za amayi zija zafika kale kwa abale onse, mpaka ku Joni, dzulo lomwelo mpunga usanazizire. Chopachika pabalaza asankha kale. Achemwali a Abiti Yusufu a ku Namwera ali ndi ukwati mwezi wamawa, akufuna a Nambewe. Ine ndikhoza kubwera nawo, akuti amuna amafunikanso.

Atapita, ndatsegula chomaliza chija.

Sindinajambulepo chotere. Kuwala kwagwa pa tsaya lokha. Hina akuoneka duwa lililonse. Ngakhale mpanda wa kumbuyo wasungunuka, chifukwa cha kutalika kwa zumu. Ndi kuseka kuja kumene ndinkakumva Lachisanu.

A Nambewe aima kumbuyo kwanga akuchiyang'ana. Kenako akuti ndiwatumizire. Chingwe, laputopu, foni. Achiika pa nambala yawo kuti aliyense aziona.

Sipanathe ola. Mayi a Gondwe alemba kuti foni imeneyi ndi moto. Akazi a a hedi afunsa dzina lake. Mng'ono wawo wa ku Joni walemba kuti, "Ndinakuuzani achemwali, foni imeneyo siinama."

Foniyo ili m'chithunzimo. Ili m'manja mwawo, m'mwamba, maso onse atatu ali poyera. Inadzijambula bwanji? Amayi onsewo, ena a madipuloma, palibe wafunsa.

A Nambewe akuti, "Ndiwauze, bambo?"

Ndati asiyeni.

Ndapukuta kamera, ndachotsa mabatire, ndaibwezera m'bokosi la nsapato. Ku Namwera ndikanyamula kabokosi ka moto.

Koma yaoneka bwino foniyo. Sinaonekepo bwino chonchi. Ndinaijambula ndine, pa M.