Tsiku limene ndinasanduka msomali

Ana anga akamaseka zochitika za m'masitolo pa wailesi ya kanema, za olongedza katundu ogona pantchito ndi mamanijala aukali, ine ndimaseka nawo ndi mano okha. Ntchito imeneyo ndinaigwirapo, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kumangitsa munthu wosalakwa chifukwa cha zitini za mkaka. Mapewa angawa mpaka lero amakumbuka.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ndinali nditangofika kumene ku Karonga kuchokera kwathu ku Ntcheu, ntchito yanga kulongedza katundu m'mashelefu m'sitolo yaikulu ya pa boma, ija yolowa ndi basiketi n'kumadzitengera wekha. Chinkhonde sindinkachimva, Chitumbuka ndinkadziwa "yewo" basi, kutentha kunkandisungunula, koma matama ndiye ndinali nawo okwanira anthu atatu.

Manijala wathu anali a Mwafongo, bambo ofatsa, oyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anzanga anandinong'oneza kuti akulu awo, omwe anali aphunzitsi ku Uliwa, anatengedwa chifukwa cha mawu ena amene anawapulumuka pamowa, ndipo sanabwerenso. Ana a akuluwo ankaleredwa ndi a Mwafongo, kuphatikiza pa awoawo.

Achinyamata a lero mwina lamulo ili simulidziwa. M'sitolo iliyonse ndi mu ofesi iliyonse munkayenera kukhala chithunzi cha Pulezidenti, ndipo wotchi, kalendala kaya chithunzi china chilichonse chisakwere kuposa icho. Zikalakwika, wofunsidwa sanali wolongedza ngati ine ayi. Ankatenga mkulu wa pamalopo.

Ndiye kunabwera lole ya mkaka waufa wam'zitini, chitini chilichonse chojambulidwa ng'ombe yomwetulira. A Mwafongo anangoti, "Muziike pooneka, achimwene." Mawu ake anali omwewo basi. Ine ndinamva ngati andiuza kuti ndimange nsanja ya Babele. Ndinalawirira m'mamawa, ndinakoka makwerero, n'kuyamba kusanja pakati pa sitolo, m'munsi motambalala, kumwamba kosongoka. Mumtima ndinkati lero anthu akuno aone mmene timasanjira katundu kwathu (kwathu komwe kagolosale kake kanali ka sopo ndi machesi basi).

Woyamba kulowa anali NyaGondwe, mayi wa pakauntala, wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wabwino. Anayang'ana nsanja yanga, ine n'kufutukula chifuwa kudikira kuyamikiridwa. Ndinangoona wanyamula manja kumutu.

"Chiuta wane! Iwe wa ku Ntcheu, ng'ombe zakozi zikuyang'ana ndani pansi?"

Sanaloze ndi chala, chithunzi chimenecho sichinkalozedwa. Analoza ndi milomo. Ndinatembenuka. Mizere yapamwamba ya nsanja yanga inali itapitirira chithunzi cha Pulezidenti, ng'ombe zonse zikumwetulira pamwamba pa mutu wake.

"Gumula msanga," anatero NyaGondwe. "A tcheyamani ndawapitirira pamsika, akubwera kuno."

A tcheyamani anali wapampando wa chipani m'dera lathu. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzagula ndudu, koma maso awo ankayenda m'makoma kuposa m'mashelefu.

Munthu wanzeru akanakwera makwerero n'kutsitsa zitini zapamwambazo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ayi. Ndinati ntchito ya m'mawa wonse ndiigumule? Bwanji ndingokweza chithunzicho? (Mukuona nzeru za munthu wa ku sekondale.) Ndinakwera pa matumba a mchere omwe anali m'munsi mwa khomalo, ndinagwira chithunzi n'kukoka. Msomali unazuka ndi dothi lake lomwe, ngwee pansi, n'kugubuduzika. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka.

Abale inu, chitini kukwera kuposa chithunzi unali mlandu, koma kupezeka utachotsa chithunzicho pakhoma ndiye kunalibe kofotokoza. Ndinachikweza mmwamba ndi manja onse awiri, n'kuchikanikiza kukhoma, pamwamba kuposa ng'ombe zanga zija. Ndinaima choncho, nkhope kukhoma, ndikusuzumira zochitika kudzera kunsi kwa khwapa.

"Mwafongo!" a tcheyamani anaitana. "Munthu wakoyu akuchita chiyani ndi Bwana?"

A Mwafongo anatuluka mu kaofesi kawo. Anayang'ana ine, anayang'ana nsanja, anayang'ana dzenje la msomali. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa.

"Akupukuta fumbi, adada."

"Apukute bwinobwino," anatero a tcheyamani. Anakoka kireti, anakhala pansi, n'kuitanitsa chakumwa chozizira.

Sanali pachangu bambo amenewo. Anafunsa za mvula, za mitengo ya mpunga, za mwendo wa NyaGondwe. Ine manja anayamba kuchita dzanzi. Thukuta linkalowa m'maso, mchere ukuterereka pansi pa mapazi. Ndikatsitsa pang'ono pokha, ng'ombe zikhala pamwamba a tcheyamani akuona. A Mwafongo nawo sakanayamba kugumula nsanja popanda chifukwa, kukanakhala kuvomera mlandu. Ndinayamba kuganiza za ana a m'nyumba mwawo, ndipo ndinena zoona, ndinalira, misozi n'kusakanikirana ndi thukuta.

Apo m'sitolo munali mutalowa amayi a ku Iponga odzagula mchere ndi sopo. Ndinamva NyaGondwe akucheza nawo m'Chinkhonde, motsitsa mawu, ngati akufunsana za kumudzi. Posakhalitsa mayi wina anakweza mawu m'Chichewa chake cholemera:

"Bwana manijala, ine nikufuna mukaka. Wa kumwamba uko. Wa pasi uwu uli na fumbi."

A Mwafongo anakwera makwerero, n'kutsitsa chitini cha pansonga. Mayi wachiwiri anafuna ziwiri, zakumwamba komweko. Wachitatu anati ali ndi mapasa. Msodzi wina wodzagula parafini naye anakumbukira mwadzidzidzi kuti amakonda mkaka. Anthu oti kwawo ng'ombe zili m'khola ndipo chambiko sichisowa, tsiku limenelo anadzaza mabasiketi ndi mkaka wam'chitini. Nsanja inkatsika, manja anga n'kumatsika nayo pang'onopang'ono, mpaka chithunzi chinafika pamalo pake, ng'ombe zonse zili m'munsi.

A tcheyamani anamaliza chakumwa chawo. Anaimirira, anayenda mpaka pansi pa ine, anawerama n'kutola kanthu. Anakaika pakauntala patsogolo pa a Mwafongo. Unali msomali uja.

"Ndi waufupi uwu, Mwafongo," anatero. "Ugule wautali."

Anatenga ndudu zawo, n'kutuluka.

Zitini zija zinabwerera kudzera kukhomo lakumbuyo, amayi aja akuseka mpaka kugwirana, wina akundiyerekeza ndi manja mmwamba. Kuyambira tsiku limenelo pa boma ponse dzina langa linali Msomali. Ngakhale kutchalitchi ankandilonjera choncho, ndipo sindinkakana.

A Mwafongo okha ndi amene sanaseke, ndiponso sanandikalipire. Msomali watsopano anakhoma okha. M'mawa mwake anabwera kuntchito ndi kachikwama, muli bulangeti, juzi ndi Baibulo, n'kukaika pansi pa tebulo lawo. Galimoto iliyonse ikaima pakhomo pa sitolo, ankaimirira n'kumanga mabatani a jekete.

Zinandiwawa kuposa kukwapulidwa. Ndinalowa mu ofesi, ndinagwada, ndinati, "Bwana, ingondichotsani ntchito."

"Ndikakuchotsani adzafunsa chifukwa chake," anatero motsitsa. "Dzukani, achimwene. Kalongedzeni sopo."

Palibe anabwera kudzawatenga. A tcheyamani ankabwerabe m'mawa uliwonse, kugula ndudu, kuyang'ana msomali, n'kumwetulira. Mmene ankandisamutsira ku sitolo ina, patapita zaka, kachikwama kaja kanali kadakali pansi pa tebulo.

Nkhaniyi ndikamaifotokoza anthu amaseka pa manja mmwamba paja, nanenso ndimaseka. Matama sanandithere onse, mayi a kunyumba angachitire umboni. Koma mpaka lero sindisanja chilichonse kupitirira phewa langa, ngakhale mbale, ndipo ndikalowa m'sitolo, anthu akuyang'ana mitengo ya katundu, ine maso anga amayamba apita kukhoma.