Galasi Lomera Fupa

Lolemba
Phukusi lafika kuchokera kwa achimwene, amene amagwira ntchito mu labu ku yunivesite. M'katimo:
kagalasi kapadera, kakang'ono ngati chikhadabo
kabotolo ka madzi osakaniza ndi michere, ofanana ndi madzi a m'magazi athu
kalata
Akuti kagalasika kakakhala m'madzimo masiku angapo, pamwamba pake pamamera zoyera zofanana ndi fupa. Galasi kumera fupa! Ndalonjeza ana anga a Folomu 4 kuti Loweruka adzaona ndi maso awo. Akuti, "Madamu, mwayambatu."

Lachiwiri
Lamulo la m'kalata: madzi azikhala ofunda ngati thupi la munthu nthawi zonse. Ku labu ali ndi makina. Kuno ku Kapondo magetsi amangobwera kudzapereka moni. Koma thupi ndili nalo! Kagalasi ndakaika m'kabotolo, kabotolo ndakamangirira pamimba ndi chitenje, diresi pamwamba.

Lachitatu
Ndikuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Apongozi ayang'ana mimba yanga nthawi yaitali, kenako abwera ndi mazira. "Musamanyamule zolemera, mwana wanga."

Lachinayi
Ndawafotokozera apongozi zoona zake. Mazira atenga.
Kusamba nkofunika. Kabotolo ndasungitsa m'khwapa mwa amuna anga. Ndikutuluka m'bafa, akundibwezera akumwetulira. "Ndakasamala bwino."

Lachisanu
Kagalasi kayera! Ambuye, kayera! Pamwamba ponse pali zoyera ngati ufa wosalala. Ndaika chakudya pamoto, ndaiwala, chapserera. Ndangokhala pakhonde kukayang'ana, misozi ili m'maso. Chinthu chopanda moyo chaphunzira kupanga fupa pamimba panga ine!

Loweruka
Kalasi yadzaza, ndi a Folomu 2 omwe. Amuna anga abwera kudzaonerera, ndipo chifukwa chonyada aimirira: "Ndinathandizapo ine. Madzi atatayika theka, ndinawonjezera a pamjigo."
Madzi a pamjigo pathu! Aja amayeretsa m'ketulo mpaka kuchita kupala ndi supuni!
Mtsikana wina wakweza dzanja. "Madamu, ndiye ketulo yanu nayonso ili ndi mafupa?"

Lamulungu
Achimwene aseka pafoni mpaka kutsokomola. Akuti popanda makina awo palibe angadziwe ngati zoyerazo zili fupa kapena zinyalala za m'madzi. Mawa ndikauza ana kuti sindikudziwa, ndipo adzandiseka mpaka mayeso.
Kagalasi ndakaika pawindo. Ndapita nako kudzala kawiri, kawiri konse ndabwerera nako.