Kuongola Mfuti ya Ba Malume

Pa Mande

Ba malume bayenda ku maliro ku Petauke, babwera pa Sondo. Bizinesi yonse basiyira ine! Ine wamene ba hedi ba ku sukulu banakamba kuti mutu wanga ni wovalikapo chisote chabe.

Katundu:
kamfuti ka m'manja, kaja ka mphepo koponya tumapeleti
vitini vitatu
botolo ya maswiti
Penshoni, tambala.

Chitsekereni fakitale yamene banali kusebenzako, ba malume badyera pa thebulo yabo ku msika wa Chawama. Ulipira, uponya katatu. Chitini chimodzi, switi. Vonse vitatu, unyamula Penshoni. Chaka chachinayi manje, Penshoni akali pa nyumba, anenepa chabe. Mabvuto, kondakita wa minibasi, ayesa Chibelu chilichonse, pa Loweruka paja, ngakhale switi sanalawepo. Koma ba malume bakagwira: pha! pha! pha! Vonse pansi, fodya ili pakamwa. Mudala uja ni ngwazi, mwandi.

Malamulo yabo: "Gaga kwa Penshoni. Pa Chibelu utsegule thebulo. Mfuti osaiseweretsa."

Pa Chibili

Siniseweretsa, niyesa chabe. Niika vitini kuseri kwa nyumba. Niloza chapakati, peleti ipita kumanja. Nilozanso, kumanja. Kapena ni maso ya njala? Niyang'anitsitsa. Kachitsulo ka kumbuyo, kaja kali na mpata woonerapo, kasendera mbali imodzi!

Chifundo chinigwira. Munthu mukulu ngati uja, kusebenza na chida chopindika zaka zonsezi, osadandaula! Ndalama ya fundi wokonza mfuti baipeze kuti, unga ukwera mutengo sabata iliyonse? Nanga ikaongoka? Baziponya batatseka maso!

Pulani: niongola, babwera, badabwa, banilemba nchito.

Pa Chitatu

Vida: musomali, supuni, mwala wa ba mayi wokwechera kumapazi.

Gogodo, gogodo. Sikasuntha. Nidonthezapo mafuta yophikira, ya saladi. Ba mayi: "Ife tidya repu ya madzi, mfuti ndiyo idya saladi?"

Nimenya na mphamvu. Kasuntha! Koma kapitirira. Peleti manje ipita kumanzere, iboola baketi ya ba landiledi. Madzi yamene baimirira pa mupopi kuyambira mamawa yatuluka ngati kamwana kakodza.

Ba mayi: "Njala yalephera kutipha, manje ufuna utitsirize ndiwe?"

Nimata baketi na pulasitiki yosungunula. Idontha pang'ono chabe. Ba landiledi ati nikatunge mpaka mwezi uthe.

Pa Chinayi

Nifuna kukabweza pang'ono, kachitsulo kathothoka, kagwa pansi. Penshoni akatola na mulomo, uyo liwiro! Nimupitikitsa: mu ngalande, kuseri kwa kantemba kogulitsa tomato, mu bafa ya ba neba muli munthu asamba. Akasiya pa mulu wa vinyalala. Nifukula na manja, bana banizungulira.

"Ba ankolo, yayamba liti misala?"

Nakapeza kumadzulo, mu makoko ya chinangwa. Tambala uyu ni mfiti. Gaga lelo kulibe, aphunzire ulemu.

Pa Chisanu

Nibwezera kachitsulo pa mfuti. Lelo mwaulemu, ngati nesi. Gogodo, niyesa. Gogodo, niyesa. Pha! Chitini pansi! Pha, pha! Ine, vonse vitatu! Nivina neka pa lubanza.

Niitana ba mayi bayeseko. Aba bamene ulusi mu singano nibaikira ine, bagwetsa vibili. Baika mfuti pansi, baniyang'ana.

"Malume bako baziba vamene wachita?"

Nsanje chabe. Mailo pa Chibelu ziko izaona.

Pa Chibelu

Thebulo, vitini, maswiti, Penshoni womangidwa mwendo. Nikuwa monga bakuwira ba malume. Woyamba Mabvuto, nkhope ya munthu wobwera kuzataya ndalama mwa chizolowezi.

Pha. Pha. Pha.

Vitini vonse vitatu pansi.

Mabvuto agwada mu fumbi, alira misozi yeniyeni! Anyamula Penshoni m'mwamba ngati kapu ya bola, makondakita banzake baimba, ba draiva baliza mahutala. Penshoni atembenuka, aniyang'ana na diso imodzi. Sinizaibala.

Pofika masana maswiti yatha. Bapambana:
ba mayi ba kapenta
mudala wosoka nsapato
chidakwa china chamene chikangiwa na kuimirira.

Chidakwa: "Mufana, ubauze ba mudala bazituma iwe masiku yonse."

Nipinda thebulo. Mu njira niyamba kuganiza. Maganizo yanga yabwera mochedwa, na ivi ba hedi banakamba.

Pa Sondo

Ba malume bafika na fumbi ya ku Petauke. Bayang'ana khola, bayang'ana botolo, bayang'ana ine. Nikamba vonse. Sabanimenya. Batenga mfuti, baloza chitini, baponya. Peleti ipita mu mphepo. Koyamba chibadwire kubaona baphonya!

"Mphwanga, ziko yonse yapindika, iwe waona mfuti yanga chabe?"

Batulutsa kiyi ya chitseko, gogodo. Kamodzi chabe! Ine sabata yathunthu na baketi pamwamba. Pha, pha, pha, vonse pansi. Manje niona bwino: sabaloza chitini, baloza mphepo ya pambali pake. Kachitsulo kaja banakasendeza beka, na muyezo. Injiniya uja fakitale inataya!

Masana Mabvuto atumiza mwendo umodzi pa mbale, ati ulemu. Ba malume batafuna pang'onopang'ono. "Penshoni yanga yonse ni iyi."

Tambala uja anaziba. Pa Chinayi anali kupulumutsa khosi yake, ine namumana gaga.

Nchito banilemba: kutola vitini, malipiro kulibe. Mphoto yatsopano ni jekete yanga ya chikumba, ija ninavutikira pa salaula, mu mulu wa vovala vakale. Yapachikidwa kale pa musomali. Mabvuto ati imukwana.

Nayang'ananso kachitsulo. Kapendekera bwino. Mulungu akasunge chomwecho.