Tepi Yosalira

Mpaka lero ndikaona mpiru m'mbale, mtima umandiwawa. Musaseke, chifukwa nkhani imeneyi inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Ine ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina lothandiza alimi. Lachisanu lililonse ndimakopera zonse za mu seva, chikompyuta chachikulu chosunga kaundula wa alimi athu, n'kuziika pa tepi. Ndi kabokosi kokwana m'dzanja, koma riboni yamkati mwake mutaitambasula ingachoke pa Kawale kukasuzumira ku Biwi. Lamulo limati tepiyo isamagone mu ofesi, kuopa moto. Izikasungidwa ku nthambi yathu ya ku Likuni. Koma Lachisanu limenelo kunagwa chimvula, ndiye ine ndi nzeru zangazi ndinati, aaa, kwathu ku Kawale nakonso ndi kunja kwa ofesi.

Kunyumba ndinapeza apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo, Chikondi. Ndikuika tepi ija pamwamba pa kabati, iwo anafunsa ali pakhomo la khitchini, nkhope atayang'ana kumbali mwaulemu.

"Bambo a Chikondi, chimenecho n'chiyani?"

"Ndi tepi, amayi."

"Ya kwaya?"

"Ayi, imeneyi siilira."

(Pakamwa panga pomwepa! Chinandivuta n'chiyani kungonena kuti ndi katundu wa kuntchito?)

Lolemba m'mawa seva inafa. Osati kukomoka ayi, kufa kwenikweni. Bwana anandiitana thukuta lili kamukamu. "Bweretsani tepi ya Lachisanu. Alimi akulandira mbewu Lachitatu, ndipo popanda kaundula sitigawa kanthu." Ndinayankha modzitama kuti asade nkhawa, n'kukwera njinga ya kabaza kuthamangira kunyumba.

Pakabati panalibe. Pansi pa kabati panalibe. Mkazi wanga anangoti, "Tapitani kuseri," uku akudziluma mlomo.

Abale inu! Kuseri kwa nyumba, pamwamba pa nazale ya mpiru imene apongozi anafesa Loweruka, panali riboni yakuda ili nyezinyezi, yokulungidwa pa timitengo uku ndi uku. Kabokosi kake kali apo, kataphwanyidwa ndi mwala. Mayina a alimi onse aja akuuluzika ndi mphepo, akuopseza mpheta!

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Koma mkamwini angakalipire apongozi? Ayi ndithu. Ndinanjuta chapatali, n'kulankhula kudzera mwa mkazi wanga, pomwe eni ake ali pomwepo akumva zonse.

"Mayi a Chikondi, tawafunsani amayi ngati mwina aona tepi yanga." (Mwina! Ikundikupiza pamphuno!)

Apongozi sanatekeseke. "Uwauze bambowo kuti ananena okha kuti siilira. Kwathu tepi ikasiya kulira timaingitsira mbalame. Ndipo uwathokoze, iyi ndi yabwino, yaitali. Yotsala ndamangira tomato."

Kuthokozedwanso! Ine munthu wopita kusukulu, wa mapepala anga, ndinapezeka ndikuyankha kuti, "Zikomo, amayi." Kenako ndinayamba kukulunga riboni ija pa chitsononkho, matope ali mbwee, ngati kuti ikagwiranso ntchito.

Bwana ataona chitsononkhocho pa tebulo lawo anachitembenuza uku ndi uku. Kenako anafunsa, "Ku Likuni kuli dimba?" Ndinaulula zonse. Mwayi wake, ku Likuni kunali tepi ya sabata yapitayo. Koma alimi onse olembedwa m'sabata yomalizayo anasowa, ndipo ndinawalowetsanso ndekha mmodzimmodzi kuchokera pa mafomu, masiku awiri osaweruka pa nthawi yake. Mbewu zinagawidwa Lachinayi, ine n'kulandira kalata yondichenjeza komaliza. Anzanga kuntchito mpaka pano akandiona amaimba mluzu ngati mpheta.

Chimandinyansa kwambiri n'chakuti mpiru uja unakula bwino zedi. Mbalame sinateremo ngakhale imodzi. Tinadya mwezi wathunthu, ndipo tsiku lililonse mkazi wanga ankati, "Idyani, bambo, ndi wa kuntchito kwanu."

Tsopano mvula igwe, matalala agwe, Lachisanu ndimapita ku Likuni. Koma dzulo apongozi anaimba foni kuchokera ku Ntcheu. Akuti mawere ayamba kucha, mbalame zavuta, ndiye ngati kuntchito kuli ina yosalira ndiwatumizire ziwiri.