Tsiku Limene Apongozi Anandigwira Pamphumi

Nkhani ya ku Zanzibar ndimaikamba mwachidule. Anthu akandifunsa kuti kunali bwanji, ndimangoti kuli mchenga woyera, kenako ndimafunsa za mtengo wa feteleza. Koma poti apongozi anga aifalitsa kale kwawo ku Madzimoyo konse, bola muimvenso kwa mwiniwake.

Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, amaphika pa hotela ina pachilumbacho. Atabereka mwana woyamba anaitanitsa amayi ake kuti akaone mdzukulu. Akazi anga, amake Tisa, anati awaperekeza, ndipo ine ndinasankhidwa kukhala mtsogoleri wa ulendo chifukwa ndine woyendayenda (ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a thonje mu Chipata, ndipo ku Lusaka ndimapita pafupipafupi). Za m'madzi ndinkangodziwa kuwoloka mtsinje wa Lutembwe nditapinda buluku.

Muyenera kudziwa kuti ine ndi apongozi tinkaopana monga mwa mwambo. Chikwatirireni sitinakhalepo pampando umodzi kapena kuyang'anana m'maso. Moni ndinkapereka chapatali nditanyonyomala, iwo atayang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera mwa amake Tisa ngakhale tili m'chipinda chimodzi. Ulemu umenewu ndinkaunyadira, ndipo ndinkafuna kuti paulendowu apongozi aone okha kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wodziwa zinthu.

Pabasi zinayenda bwino. Tinadzera ku Mwami ndi ku Lilongwe mpaka Dar es Salaam, ine ndikulongosola mapasipoti pamalire ndi mawu okweza pang'ono kuti amve. Tinafika matako atafa dzanzi, koma mbiri yanga ili yonse.

M'mawa wokwera sitima yapamadzi ndinapereka malangizo. Kwathu munthu sayamba ulendo ndi m'mimba mopanda kanthu, choncho ndinaitanitsa tchipisi chokazinga ndi mazira, zitumbuwa ndi tiyi wamkaka.

"Amake Tisa, auzeni amayi adye zokwanira. Njala ndiyo imachititsa chizungulire."

"Akuti adye zokwanira," anatero akazi anga, kuuza munthu amene anali atamva kale.

"Auzeni kuti zikomo, ine tiyi wakwana," anayankha apongozi, akusenda ndimu ndi chikhadabo.

Mbale yawo ndinaimaliza ine, nditatembenukira kukhoma. Chakudya sichitayidwa.

Sitimayo inali yaikulu, yoyera, ya mipando ngati ya mu basi yapamwamba, ndipo akuti imathamanga kwambiri. Tsono aliyense wokwera basi ya ku Lusaka amadziwa kuti mpando wabwino ndi wakutsogolo. Kumbuyo ndi kwa ochedwa, kumene bampu iliyonse imakuponya kudenga. Chitseko chitangotsegulidwa ndinapanikiza anthu ndi chigongono, ndinadumpha chikwama cha mzungu wina, n'kukagwira mipando itatu ya kutsogolo kwenikweni. Ndinadabwa kuti palibe amene anandilimbirana nayo, koma ndinangoti anthu a kuno ndi ogona.

Ndinakodola akazi anga. Anabwera okha.

"Amayi akuti sangakhale pafupi ndi inu. Akhala kumbuyo."

"Kumbuyo? Munthu wamkulu? Ndiye ine ndisamuke."

"Akuti musavutike, akhazikika kale. Inenso ndikhala nawo, ndamwa kapiritsi koletsa chizungulire kamene mzimayi wina wandipatsa."

Ndinatsala ndekha ndi mipando itatu, jekete ndi tayi. Wantchito wa m'sitimamo anadutsa akugawa timatumba takuda, ndipo nditaona mwana wina akukalozetsa kukamwa ndinamvetsa ntchito yake. Kanga ndinamubwezera. Ndinamuuza m'Chingelezi kuti ndakwerapo pamwamba pa mabelo a thonje mumsewu wa ku Kasenengwa. Iye anangogwedeza mutu n'kupitirira.

Poyamba zinali zokoma. Kenako tinatuluka padoko, injini inakweza mawu, ndipo mphuno ya sitima inanyamuka. Inakwera, inakwera, n'kugwa phuu! Mpando unatsika, koma mimba yanga inatsalira m'mwamba. Isanabwerere, takweranso. Bampu ya pamsewu imatha, dalaivala n'kupepesa. Iyi inalibe mathero, ndipo panalibe woti n'kumuuza kuti aime nditsike.

Ndinamasula tayi. Ndinayang'ana kanema amene ankaonetsa kutsogoloko, zinthu n'kuipiraipira. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria koma ndinangofika pakati. Malovu anadzaza m'kamwa, thukuta lozizira lili chuchuchu, ndipo mazira aja anayamba kufunsa njira. Wantchito wa timatumba sankaonekanso.

Ndinaganiza zothawira kuchimbudzi, chimene chinali kumbuyo. Ndinayenda chogwira mitu ya mipando (ndi mutu wa bambo wina, amene ndimamupepesabe mumtima). Kumbuyoko kunali bata lodabwitsa, anthu akuseka ndi kudya bisiketi. Amake Tisa anali m'tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa. Pambali pawo panali apongozi, ali tsonga, akuyamwa ndimu yawo.

Pomwepo sitima inagwanso, ndipo ndinagwada pamapazi pawo penipeni. Ndinayesa kutembenuza nkhope mwaulemu. Nthawi inali itatha.

Sindifotokoza zambiri. Ndingoti chakudya cha anthu awiri chinabwerera chonse, ndipo chimene chinachilandira ndi chitenje chatsopano cha bungwe la amayi a kutchalitchi, chimene apongozi anasungira tsiku lokaona mdzukulu.

Ndinafuna kufa. Ndinatseka maso kudikira kuti adzutse mwana wawo kuti andiuzire mawu. M'malo mwake ndinamva dzanja lokhakhala, lozizira, litandigwira pamphumi, lina likundisisita kumsana.

"Tulutsani zonse, mwananga. Musasiyeko."

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wapakati. Ndinamvera. Anandipukuta kukamwa ndi ngodya youma ya chitenjecho, anandivula jekete, n'kundipatsa chibenthu cha ndimu chimene anali atayamwako kale. Ulendo wotsalawo ndinauyenda nditakhala pansi, mutu uli pabondo la apongozi. Amake Tisa anadzuka sitima ikuima. Anatiyang'ana, anatikita m'maso, n'kutiyang'ananso.

"Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Amuna ako adwala. Tenga jekete."

Masiku a pachilumbapo ndinawathera kuzemba. Enawo akupita kunyanja, ine ndinkatsala m'chipinda kuganiza za mmene ndidzayambirenso kunyonyomala pamaso pa munthu amene wandipukuta kukamwa. Ndinawagulira chitenje china, n'kuchipereka kudzera mwa akazi anga. Pobwerera ndinakhala kumbuyo, wopanda chakudya m'mimba, nditagwira timatumba tiwiri.

Patapita milungu ingapo ndinapita ku Madzimoyo kukasiya mbewu ya chimanga. Ndinaganiza kuti nzeru ndi kuchita ngati palibe chinachitika. Ndinaima patali pafupi ndi nkhokwe, ndinavula chipewa, n'kuyamba moni wanga wakale. Apongozi anali pamphasa ndi amayi anzawo akutongola mtedza, ndipo amayiwo atangondiona anayamba kubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

"Inu, bwerani mukhale apa," anatero apongozi, akumenya mphasa pambali pawo. "Mukuopanso chiyani? Za m'mimba mwanu ndinaziona zonse."

Ndinapita n'kukhala. Manyazi anali osaneneka, koma ndisaname, mtima unakoma. Amayi anga anamwalira ndili kusekondale, ndipo chichokereni apo panalibe amene anandiitanapo kuti mwananga. Anandikankhira lichero, ndipo ndinatongola nawo mtedza mpaka nkhani yanga itakambidwa yonse, kawiri, ine ndikuthandiza kukonza pamene ankawonjezera.